Tomasi, Mlonda wa Mjigo Wakufa

Kwa Kasisi, kumidzi ya kufupi ndi mapiri kumene mtsinje wa Shire amangoumvera mbiri, kunali munthu wokonza njinga dzina lake Tomasi. Amene anamupeza atakalamba amangokumbuka nkhalamba yosalankhula yokhala pafupi ndi mjigo, ndipo ena ankati mutu wake sugwira. Musanamizidwe, mutu unkagwira bwinobwino. Chimene chinamuvuta munthu uyu chinali mantha, ndipo nkhani yake imamvetsa chisoni, imakwiyitsanso pomwepo.

Anabadwira m'banja lolima thonje ndi mapira, koma khasu silinamukonde, iyenso sanalikonde. Zake zinali zitsulo. Malo ake antchito anali pansi pa mtengo wa masau, m'mbali mwa njira yopita ku msika wa thonje, ndipo ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa, manja ali bii ndi girisi. Njinga ikamabwera chapatali iye ankaimva kudwala kwake mwini wake asanatsike. Uyu tcheni chauma, uyu sipoko zaphwa, uyu kotapini yadyeka. Ogulitsa nsomba ochokera ku Nsanje ankadutsa okonza ena m'njira, n'kumakankha njinga yakufa mpaka kwa Tomasi.

Luso limeneli analitenga kwa amalume ake, a Yobu, amene ankasenza mabelo pa msika wa thonje uja. Tsiku lina sikelo ya pamsikapo inakakamira, alimi ali pamzere padzuwa, akalaliki akungoyang'anizana. A Yobu, pomvera anthu chisoni, anaitsegula n'kuchotsamo kachitsotso, sikelo n'kuyambanso kuyenda. Anthu anawaombera m'manja. Pasanapite masiku kunabwera galimoto, chifukwa wina anali atakanena kuti a Yobu asokoneza sikelo ya boma. Anapita nawo. Atabwerako patatha zaka, anabwera opanda mano akutsogolo, mawunso atawathera. Sanagwirenso sipanala. Bokosi lawo la zitsulo anamupatsa Tomasi, n'kumuuza kuti, "Mphwanga, uzikonza za anthu. Za boma uzingoziona ndi maso."

Tomasi anali mnyamata nthawi imeneyo. Mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa.

Madzi kumudzi kwawo anali nkhondo chibadwire chake. Mtsinje wawo, Mthumba, unkayenda nthawi ya dzinja yokha, ndipo chilimwe chikafika unkasanduka msewu wa mchenga. Azimayi ankafukula mchengawo kuti apeze madzi, ena n'kumadalira zitsime za m'mudzi zimene zinkaphwa dzuwa likakula. Ndiye cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1970 kunabwera makina obowola pansi. Analira masiku angapo, ana n'kujomba kusukulu, mbuzi n'kuthawira kuphiri. Midzi ina ya m'chigwa mijigo inkatulutsa madzi amchere oti ngakhale ng'ombe inkangonunkhiza n'kubwerera, koma uwu unagunda pabwino. Madzi ake anali ozizira, okoma, osakanda pakhosi. Zitsime zakale anthu anazikwirira okha mosangalala, poti matenda a kolera anali atangodutsa kumene ndipo a zaumoyo ankati zitsime zapululu ndizo zikufalitsa.

Tsiku lotsegulira, azimayi anavina mpaka fumbi kobo. Atcheyamani a nthambi ya chipani anaimirira pa simenti ya mjigowo n'kunena kuti, "Uyu ndi katundu wa boma. Akadzawonongeka, okonza ake alipo, adzabwera pa lole yawo. Munthu wamba asadzayerekeze kumutsegula." Kenako anayang'ana m'gulu muja, maso n'kukaima pa Tomasi. "Inu a Tomasi, poti zitsulo mumazidziwa, ndinu mlonda. Muzithira girisi kunja kuno, muzikiya dzuwa likalowa. Tikadzapeza nati imodzi yamasulidwa, tidzayambira pa inu."

Anthu anaseka. Tomasi sanaseke nawo. Analandira kiyi ndi manja awiri, n'kumumangirira pachingwe, n'kuvala m'khosi.

Mjigo womwewo ndi umene unamupezera mkazi. Anatsagana ndi ogulitsa nsomba aja ulendo wina kupita kwa Malemia ku Nsanje, ndipo kumeneko anaona mtsikana akutsitsa nsomba m'bwato la bambo ake, akukangana mitengo ndi amuna akuluakulu osawaopa. Dzina lake anali Mabel. Anali Msena, wa pakamwa pothwa, woseka mokweza moti wa tsidya lina ankamva. Kuti munthu wachete ngati Tomasi anamufunsira bwanji, palibe akudziwa. Mwina anafunsira ndi Mabel yemwe. Za chuma cha ukwati zitakambidwa, bambo ake a Mabel, msodzi wokalambira padambo, anafunsa funso limodzi.

"Mwana wangayu anakulira m'bwato. Kwanu kumtundako madzi aliko?"

Tomasi anatulutsa chingwe chija m'malaya. "Kuli mjigo, bambo. Kiyi wake ndi uyu."

"Pyadidi," anatero mkuluyo m'Chisena chake, kusonyeza kuti wakhutira. "Mutengeni. Koma nsomba saiweta pamchenga."

Zaka zoyamba zinali zokoma, tisanamizane. Mabel ankasamba m'mawa ndi madzulo, azimayi a m'mudzi n'kumamunena kuti atha mjigo yekha. Iye ankawayankha kuti akasambe nawonso aone ngati angafe. Kumene madzi otayika ankayenderera anatchingako kadimba, n'kubzala mpiru, tomato ndi nthochi, zinthu zimene mudziwo unkangoziona pamsika. Mabel ankamutchula mwamuna wake kuti bwana a mjigo, makamaka pagulu, kuti amuone akuchita manyazi. Anabereka mwana wamkazi, Imelda. Tomasi ananenepako pang'ono masiku amenewo, ndipo ena amati anamumvapo akuimba mluzu.

Tsono tsiku lina m'mawa, chilimwe chitangoyamba, mayi wina akupopa, mjigo unangoti thwa. Chogwirira chinagwa pansi chopanda mphamvu. Tomasi anamva phokosolo ali pansi pa msau wake, ndipo asananyamuke n'komwe anadziwa chimene chaduka, monga ankadziwira njinga. Anafika, n'kukweza chogwiriracho, n'kuchitsitsa, n'kugunditsa khutu pamutu pa mjigo. M'katimo munagubuduka kachidutswa. Kanali kapini kolumikiza chogwirira ndi ndodo yachitsulo yotsikira kumadzi. Kapini basi, kotalika ngati chala, kamene kanali kuseri kwa chivundikiro chomangidwa ndi mabawuti ochepa chabe. Sipanala yokwana pa mabawutiwo inali m'thumba la ovolosi yake.

Koma mabawutiwo anali opakidwa penti ya boma, yobiriwira, yosakandika pena paliponse. Sipanala ikanangoluma, penti ikanasupuka, ndipo aliyense wodutsa akanaona kuti pagwira munthu.

Azimayi anali atamuzungulira ndi ndowa zawo. "Chavuta n'chiyani, a Tomasi?"

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina zaduka pansi pa nthaka. Ndikanena ku boma."

Bodza limeneli analinena kamodzi, ndipo linamukakamira. Analibwereza kwa atcheyamani, analibwereza kwa mkazi wake, mpaka masiku ena iye mwini ankayamba kulikhulupirira.

Ku boma anapitadi, osati kamodzi. Kalaliki wa kumeneko sanali munthu woipa. Ankamulandira bwino, n'kumuuza zoona: lole ya okonza ndi imodzi, mijigo yakufa ndi yambiri chigwa chonse, ndipo mwina lole yomweyo ili pamiyala kudikira matayala. "Tamva, bambo. Dikirani, afika." Tomasi ankathokoza, n'kupalasa njinga kubwerera, n'kukauza mudzi kuti anena kuti mwezi uno.

Chaka chimenecho mvula inakana. Mitambo inkasonkhana kumapiri, kugunda pang'ono, n'kubalalika. Mapira anapserera asanafike m'mawondo. Zitsime zija anali atazikwirira, ndipo oyesa kuzifukula anangopeza dothi louma. Azimayi anabwerera ku Mthumba. Koma ulendo uno madzi anali atathawira pansi kwambiri, moti dzenje linkakumbidwa mpaka munthu kubisika, wina n'kutsikiramo ndi chikho kudikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono. Ankanyamuka kusanache bwino, n'kubwera dzuwa lili paliwombo ndi ndowa imodzi ya madzi ofiira. Pamadenje omwewo mbuzi ndi anyani zinkamwanso.

Mabel anasenza nawo, osadandaula poyamba. Dimba lake linauma, nthochi zinagwa. Tsitsi linathothoka pamene pankakhala nkhata. Mkazi amene ankasamba kawiri patsiku anayamba kungopukuta nkhope ndi kansalu konyowa, madzi otsukira mbale n'kuchapira matewera, otsala n'kupatsa nkhuku. Kuseka kuja kunazimiririka, ndipo dzina loti bwana a mjigo silinamvekenso.

"Bambo a Imelda," ankatero akatula ndowa, "ingotsegulani muone. Kuona kokha. Inu mumamva matenda a njinga ili kutali, mjigo wokha ndiye wakusowetsani nzeru?"

"Nanga ndikatsegula n'kupeza kuti ndi zapansi? Penti idzanditsutsa. Amalume munawaona."

"Ndinawaona. Mwana wanunso muzimuona."

Si Mabel yekha amene ankakayika. Panali a Kalioti, oyandikana nawo nyumba, munthu wa mtima wapachala amene ng'ombe zake zinali zitayamba kugwa. Iwowa anabwera pansi pa msau ndi amuna anzawo angapo. "A Tomasi, ngati inu mukuopa, tibwerekeni sipanala titsegule ife. Akabwera a boma tidzati tinatsegula tonse."

"Tonse samangidwa," anatero Tomasi. "Amamangidwa mlonda."

"Ndiye tife ndi ludzu chifukwa cha penti?"

Tomasi anatseka bokosi lake la zitsulo n'kukalibisa m'nyumba, kunsi kwa bedi. Mawa lake anatenga tcheni chachikulu, n'kukulunga mutu wonse wa mjigo pamodzi ndi chivundikiro chake, n'kukiya. Taganizani inu, kukiya mjigo wosatulutsa ngakhale dontho, mudzi uli kukamwa gwa. Ndipo tsiku lililonse ankapita kukauthira girisi, monga anamulamulira. M'chigwa chonse munalibe mjigo wakufa wosamalidwa ngati umenewo.

Imelda anadwala mvula yachiwiri isanagwe. Kanali kamwana koyenda kumene, ndipo kanatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, khungu n'kumakhala pomwe walitsina. Anathamanga nako kuchipatala panjinga. Kanachira, Mulungu anachita chifundo, koma anamwino sanabise mawu. Anati ndi madzi, ndipo kakadzadwalanso chotere sakudziwa.

Atabwerako, Mabel anamanga katundu wake m'chitenje. Anali ndi mlongo wake, Elias, wodula nzimbe ku esiteti ya ku Nchalo, kumene m'malayini a antchito munali mipopi.

"Bambo a Imelda, ine sindikuthawa ukwati. Ndikuthawitsa mwana."

"Lole ibwera, amake Imelda. Anena kuti mwezi uno."

"Ananenanso mwezi watha. Tsegulani lero, ndimasula katunduyu pompano."

Tomasi anayang'ana pansi. Bokosi lija linali kuseri kwa zidendene zake, kunsi kwa bedi limene anakhalapo. Mabel anadikira. Anadikira ndithu, chifukwa ankamukonda mwamunayu, ndipo akanangoona dzanja likulowa kunsi kwa bediko akanakhala.

"Nkhabe?" anafunsa m'Chisena, kunena kuti ayi. Dzanja la Tomasi silinasunthe. "Chabwino. Tsiku limene mjigo udzatulutse madzi, mudzabwere mudzatitenge."

Anawaperekeza yekha panjinga yake, mwana patsogolo, mayi pakaliyala. Njira yonse ya ku Nchalo njingayo sinalire pena paliponse, poti mwini wake ankaisamala. Pobwerera anapalasa yekha, ndipo atafika anadutsira pamjigo kukaona ngati loko ali bwinobwino.

Kuyambira pamenepo ankadziwa bwino lomwe chimene chikumulekanitsa ndi banja lake. Si mtunda, si alamu ake, si mwamuna wina. Ndi kapini. Masana ambiri, mudzi ukakhala zii anthu ali ku Mthumba, ankatenga sipanala n'kupita. Ankamasula tcheni, n'kuika sipanala pabawuti, n'kumva kukwana kwake. Kupotokola kamodzi kokha. Koma ankangoona nkhama za amalume ake, n'kuichotsa sipanalayo. Ankakiyanso n'kubwerera, n'kudziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kuti lole ikhoza kufika mawa lomwe lino, ndipo zidzakhala zopusa kumangidwa kutatsala tsiku limodzi. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Poyamba ankapita ku Nchalo pafupipafupi, atanyamula masau kapena nkhuku. Mabel ankamuchingamira n'kufunsa za mjigo asanatsike n'komwe panjinga. Kenako anayamba kufunsa atadya. Kenako analeka kufunsa. Anali atayamba kuoda nsomba kwa abale ake n'kumagulitsa pamsika, ndipo anachoka kwa Elias n'kupeza kachipinda kakekake. Thupi linabwerera, tsitsi linamera. Tsiku lina Tomasi akuyandikira pamsika anamva kuseka kuja, kwa tsidya lina, koma atangoonekera kunatha. Imelda anayamba kumabisala kuseri kwa chitenje cha amake akamuona.

Dzinja linabwera, Mthumba anayenda pang'ono, n'kuphwanso. Linabweranso lina. Mabanja ena anasamukira kufupi ndi Shire. A Kalioti anagulitsa ng'ombe zotsala, ndipo anasiya kumupatsa moni Tomasi.

Lole inafika tsiku losayembekezeka, m'mawa, anthu atasiya kale kuitchula. Munatsika mnyamata wansangala, dzina lake Paulo, wamkulu wa okonzawo, chipewa chili chammbali. Mudzi wonse unasonkhana. Tomasi anavula chingwe m'khosi, n'kumasula tcheni. Paulo anaika sipanala pabawuti akucheza ndi anzake za mpira, n'kupotokola. Penti yobiriwira ija inasupuka n'kugwera pasimenti, iye osaiyang'ana n'komwe. Anachotsa chivundikiro, n'kusuzumira, n'kupisa dzanja.

"Aa, kapini basi?" Anatulutsa zidutswa ziwiri n'kuziponya pansi. Anakafufuza m'lole n'kubwera chimanjamanja. "Za mtundu uwu zinatithera. Pano palibe wokonza njinga?"

Anthu onse anangotembenuka n'kumuyang'ana Tomasi.

Anapita kunyumba, n'kukoka bokosi lija kunsi kwa bedi, n'kubwera nalo atalisenza paphewa. Paulo anavundula m'katimo, akuyamikira zida zakalezo, mpaka anapeza ekiselo ya gudumu la njinga, chitsulo chija chimalowa pakati pa gudumu. Anaiyesa pabowo, ndipo inalowa ngati anaipangira pomwepo. Anamanga manati mbali zonse ziwiri ndi sipanala ya Tomasi yemwe, poti yake inali yaikulu. Ntchito yonse inatha munthu wosuta fodya asanamalize ndudu. Anagwira chogwirira n'kupopa. Mjigo unatsokomola, unalavula dzimbiri, kenako madzi oyera anatuluka, ozizira ngati kale.

Azimayi analulutira, ana anathamangira kukaika mitu pansi pa mpopi. Paulo anapukuta manja n'kubweza sipanala kwa mwini wake.

"Madala, bokosi lonseli muli nalo, bwanji simunangoikapo nokha? Ifetu tikanakuthokozani. Midzi imene ikutidikira ndi yambiri."

"Anati tisakhudze."

"Aa, zimenezo amangonena pamsonkhano," anatero Paulo akukwera lole.

Mwina mnyamatayo ankanena zoona. Mwinanso ayi, chifukwa masiku amenewo zonena za pamsonkhano zinkatha kutengetsa munthu, ndipo a Yobu anali mboni. Palibe angalumbire kuti Tomasi akanatsegula sakanamutenga. Koma palibenso amene anamuuza zimenezo tsiku limenelo kuti amutonthoze. A Kalioti anatola tizidutswa ta pini tija, anatiyang'ana m'dzanja lawo nthawi yaitali, n'kumupatsa Tomasi, n'kumapita.

Mawa lake Tomasi anatsuka chigubu, n'kudzazamo madzi a mumjigo, n'kumangirira panjinga. Anavala malaya ake a kutchalitchi. Pakaliyala anayalapo kansalu kopindapinda kuti wokhalapo asamve kuwawa.

Anamupeza Mabel pakhomo pa chipinda chake akuyanika nsomba pamphasa. Anamulandira mwaulemu, anamupatsa mpando, anagwada pomupatsa moni ngati mlendo. Imelda anali atatalika, akusewera ndi anzake pafupi ndi mpopi. Tomasi anatsitsa chigubu n'kuchiika pakati pawo.

"Amake Imelda, mjigo watuluka madzi. Ndabwera kudzakutengani."

Mabel anatenga kapu, anathira, anamwa pang'onopang'ono. Nkhope yake inafewa. "Ndi omwe aja," anatero. "Takhuta." Anali kuthokoza m'Chisena, ndipo Tomasi anaona kuti mkaziyo wayamba kuyang'ana m'chipinda muja ngati munthu woganizira zoti amange. "Anakonza ndani?"

"A ku boma. Afika dzulo."

"Anachita kuzula mipope yonse ya pansi?"

Apa mpamene akananama, ndipo bodza lake linali lokonzeka kale, lozolowera pakamwa. Akanangoti eya, anazula, inali ntchito ya tsiku lonse. Mabel akanakwera njinga. Zoona zake akanakazimva kumudzi kwa azimayi anzake, koma akanazimva ali kale pakhomo pake. Tomasi, amene ananamiza mudzi wonse nthawi yonse ija, tsiku limeneli analephera. Anapisa m'thumba n'kutulutsa tizidutswa tiwiri tija.

"Kanali aka."

Mabel anatiyang'ana. "Aka kokha?"

"Eya."

"Anabwera nako kena?"

"Analibe. Anaikapo ekiselo ya njinga."

"Ya ndani?"

"Ya m'bokosi langa."

Mabel anaika kapu pansi. "Bokosi lija la kunsi kwa bedi?"

"Lomwelo."

"Limene ndinkalikoka ndikamasesa, n'kulibwezeranso?"

"Eya."

"Ndipo inu munkadziwa."

Silinali funso, koma Tomasi anayankha. "Ndinadziwa tsiku lomwe kanaduka."

Sanakalipe Mabel, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anayang'ana mwana wake kumpopi kuja. Kenako analankhula motsitsa, ngati akukamba za anthu ena.

"Tsiku lija tinkathamangira kuchipatala, mwana ali lende m'manja mwanga, munkadziwa. Tsiku ndinkamanga katundu, mutakhala pamwamba pa bokosilo, munkadziwa. Ine nthawi yonseyi ndinkakuikirani kumbuyo. Alongo anga akamakunyozani ndinkati musatero, zinaduka pansi pa nthaka, munthu angatani. Chikanakhala chinthu chachikulu, bambo a Imelda, bwenzi pano ndikumanga katundu."

"Ndinkaopa."

"Ndikudziwa. Inenso ndinkaopa. Ndinkaopa kuika mwana m'manda." Anatola nsomba imene inagwera padothi, n'kuipukuta, n'kuibwezera pamphasa. "Nanga kakadzadukanso?"

Tomasi anatsegula pakamwa. Akanati ndidzakonza ndekha, ndipo mwina mawu amenewo akanathandiza. Koma anachedwa nawo pang'ono, monga ankachedwera ndi zonse, ndipo Mabel anaona kuchedwako.

"Mwaona," anatero.

Mabel anamuitana Imelda kuti adzapereke moni kwa bambo ake. Mwanayo anagwada, anapereka dzanja, n'kuthamangiranso kwa anzake. Mabel anamuphikira mlendo wake chakudya, anamukulungira nsomba zapanjira, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Chigubu anamubwezera chili ndi madzi ake, akuti kunjira kukutentha.

Mabel sanabwererenso kwa Kasisi. Ukwati sunathe pabwalo, unangozirala. Tomasi anapitako ku Nchalo maulendo ena angapo, ankalandiridwa bwino, ankadya, n'kubwerera. Imelda anakulira ku Nchalo, anakwatiwa konko, ndipo bambo ake ankawalemekeza monga amalemekezera munthu wamkulu aliyense. Tomasi sanakwatirenso.

Patapita zaka zinthu zinasintha. Kunabwera mijigo ya mtundu wina yosavuta kutsegula, ndipo a boma omwewo anayamba kuyenda m'midzi kuuza anthu kuti mjigo ndi wanu, muzikonza nokha. Anasankha makomiti, anagawa masipanala, anaphunzitsa ngakhale azimayi kumasula mabawuti. Anamuitananso Tomasi kuti akhale nawo, ndipo anakhala kumbuyo, chipewa chili pamaondo, akumvetsera mpaka kumapeto. Atafunsa ngati alipo ali ndi funso, iye analibe.

Kuyambira pamenepo mjigo uliwonse wa m'midzi yozungulira ukangolira mwachilendo, ankafika ndi bokosi lake asanamuitane, ndipo sankalandira kanthu. Anthu ankamuyamikira, achinyamata osadziwa zakale n'kumati madala awa ndi a mtima wabwino. Mjigo wakale wa m'mudzi mwake sanausinthe msanga, poti sunavutenso. Ekiselo ija inagwira ntchito zaka ndi zaka.

Maso atayamba kuchita mdima anasiya njinga, n'kumakhala pamwala pafupi ndi mjigowo. Kumene madzi otayika ankayenderera, pamalo pa dimba lija, anabzalapo nthochi, ndipo zinkabereka bwino. Sankagulitsa, sankadyanso kwenikweni. Mkoko ukakhwima ankaudula, n'kudikira panjira wogulitsa nsomba aliyense wolowera ku Nchalo, n'kumupempha kuti akausiye pamsika kwa amake Imelda. Wonyamulayo akabwerako, Tomasi ankamufunsa ngati anenako chilichonse.

"Angoti takhuta, madala."

Iye ankagwedeza mutu, n'kubwerera pamwala pake.